Fulu wa Malemu Barnaba

"Gogoda mwamphamvu, mwina wagona," anatero a Lemani.

Edilson anagogodanso chigobacho ndi msana wa chala. Phokoso lake linali louma ngati la chikho chong'aluka, ndipo linalowa mpaka m'nyumba momwe mai ake, a Joaquina, anakhala pamphasa atafunda nsalu ya kapulana kumutu. Iwo anafumbata manja. Aliyense amene anakhalapo ndi fulu amadziwa kuti ukamugogoda amalowerera m'kati, koma mwa anthu atatu amene anali panja paja panalibe amene anamusamalapo.

"Mano Edilson, mutembenuzeni ndimuike tsambali pakamwa," anatero Célia, mlongo wake wamng'ono, amene ankamuitana "mano", ndiko kuti achimwene.

"Pakamwa pake ndi pati? Ine ndikungoona miyendo."

"Samala malaya ako a m'tauniwo," a Lemani, atsibweni awo, anaseka. "Fulu amanyera yemwe wam'tola."

A Barnaba, mwini fuluyo, anali ataikidwa m'manda kumayambiriro kwa sabata imeneyo, ndipo chidwalire chawo fuluyo sanadye kanthu. Fuluyo anali pakhomopo chibwerere banjali kuchokera ku Zambia kumene linathawira nkhondo. Kukula kwake kunali ngati beseni lalikulu lovundikira, chigoba chitasalala ndi zaka, maso atachita ng'ala, oyera ngati madzi otsukira mpunga. Kuyambira m'mudzimo kufikira kumsika wa ku Chifunde, anthu ankadziwa kuti a Barnaba, mkulu wa mpingo, amasunga fulu wakhungu. Chimene sankadziwa nchakuti pakhomopo akhungu anali awiri.

Maso a a Joaquina anayamba kuchita nkhungu kalekale, ndipo tsopano ankangosiyanitsa kuwala ndi mdima. Munthu akaima pakhomo ankaoneka ngati chitsa m'chifunga. Anadziwa zimenezi a Barnaba okha, ndipo akazi awo anawalumbiritsa kuti asauze ana. Chifukwa chake chinali Margarida, mkulu wawo wa a Joaquina. Iye atachita khungu, ana ake anamutengera ku Tete mwachikondi, nakamuika m'chipinda cha zitsulo pazenera, namamukhomera m'menemo m'mawa uliwonse popita kuntchito kuti asagwere m'ngalande. Anafa asanamvenso fungo la mvula yoyamba pamunda wake, naikidwa pakati pa anthu osawadziwa. Pobwera kumaliro amenewo a Joaquina anati, "Ndinachoka pano kamodzi, mfuti zikulira. Sindidzachokanso."

A Barnaba anawadandaulira kuti apite kuchipatala. Atakana, iwo anasiya kulankhula nayamba kututa miyala kumtsinje. Anaindandalitsa pabwalo, itakwiririka theka, kuchokera pakhonde kupita kukhitchini, kunkhokwe, kubafa, ndi pansi pa msau pamene fulu ankagona. Anthu anaseka nautcha msewu wa fulu, ndipo sanalakwe kwenikweni, pakuti fuluyo ankautsatadi, akukhula chigoba chake m'mbali mwa miyala. Koma a Joaquina nawonso ankautsata ndi m'mphepete mwa phazi, ndowa ili pamutu, popanda wowakayikira.

Mwambo wa maliro unawabisa bwino. Namfedwa sayenda yekha; amayi a mumpingo amamugwira mikono, amamuikira mbale m'manja, ndipo palibe amene amadabwa akaona maso ake osalunjika. Koma maliro omwewo ndi amene anawalanda njira. Anthu anabwera ambiri, miphika inachuluka, mafuwa anachepa, ndipo Célia anauza amayi ophika kuti azule miyala ya pabwalo. Ina anapsinjira lona wa chisakasa kuti asauluke. Sanachite zimenezi mwankhanza: maliro amafuna mafuwa, ndipo miyala inali pafupi. A Joaquina, ali m'nyumba, sanadziwe.

Kugogoda kutaleka, Edilson ndi a Lemani analowa nakhala pansi. Edilson ankayendetsa galimoto ya katundu ku Tete, ndipo ankalankhula monga munthu amene nthawi zonse wina akumudikira.

"Amayi, patarawu, bwana wanga wa kuntchito, wandiimbira. Tikangometa ine ndiyenera kubwerera. Mpongozi wanu Florência wakonza kale chipinda."

"Chipinda cha yani?"

"Chanu."

"Changa ndi chino."

"Mukhala ndi yani muno? Célia ali ndi banja lake ku Nsadzo. Atsibweni ali kutsidya kwa dambo. Mukadwala usana, adzamva ndani?"

"Ndili ndi munda. Ndili ndi fulu wa bambo ako."

"Fulu," Edilson anabwereza mawuwo motsitsa, ngati walawa chinthu chosasa.

A Lemani anakhosomola. Iwo ndiwo anali mwini mbumba, ndipo mawu omaliza anali awo.

"Alongo, mwanayu mbali ina akunena zoona. Koma ine sindingakuchotseni padothi la amayi athu muli ndi mphamvu zanu. Ndiye ndikufunseni monga amafunsira ogula ng'ombe. Miyendo ilipo?"

"Ilipo."

"Manja?"

"Alipo."

"Nanga maso?"

"Maso alipo, achimwene. Angotupa ndi kulira."

Linali bodza, ndipo bodza silisiya kukhala bodza chifukwa chakuti lanenedwa ndi mantha. A Joaquina, amene anaphunzitsa ana a anthu ambiri malamulo khumi, anadziwa zimenezi kuposa wina aliyense m'nyumbamo.

"Ndiye nkhani yatha," anatero a Lemani. "Ng'ombe ndi yabwino, sitigulitsa."

Edilson sanaseke. Anatulutsa telefoni naiika m'manja mwa mai ake. "Taonani mdzukulu wanu mmene wakulira. Amakufunsani tsiku ndi tsiku."

A Joaquina anaitsamiza pachifuwa osaiyang'ana. "Ndidzamuona ndikameta. Maso a maliro saonera mwana."

"Mwambo umenewo ndi wa kuti?" anafunsa a Lemani. "Ndakalamba osaumva."

"Wa akazi," anayankha iwo, nabweza telefoniyo kumene kunkachokera mawu a mwana wawo.

Amuna aja atatuluka, Célia analowa ndi madzi akumwa. Amayi a mumpingo anali atayamba kubwerera m'makwawo, ndipo wogwira mkono wa namfedwa anatsala iye yekha.

"Célia, fulu uja mwamuika kuti?"

"Mumgolo woduka uja, kuseri kwa nkhokwe. Mano Edilson anaopa kuti anthu amuponda."

"Mumgolo wachitsulo, dzuwa limeneli?"

"Tinavundikirapo thumba."

"Mumutsitse pansi. Musamunyamulenyamule, ndipo musamugogode."

"Amayi, tayesa zonse. Bonongwe wakana, dzungu wakana. Tikamutsitsa pansi amangokhala ngati mwala. Bwerani mudzayese nokha, ndi apa pomwepa."

"Namfedwa satuluka asanamete."

"Koma kubafa mumatuluka."

A Joaquina anamwa madzi aja pang'onopang'ono kuti asayankhe. Kuyenda atagwiridwa mkono kunali kotheka. Koma kukafika pamgolopo dzanja lawo likanayamba kupapasa, kufuna kumene kuli mutu ndi kumene kuli mchira, ndipo Célia, amene saphonya ngakhale kanyerere mu ufa, akanaona. Mmene fuluyo amadyera iwo ankadziwa, popeza anakhala akumva amuna awo akumudyetsa m'mawa uliwonse. Chimene chinkafunika nchakuti akafike okha, popanda diso la munthu. Anadziuza kuti miyala iwafikitsa kunkhokwe, ndipo kuchokera pamenepo mgolo adzaupeza ndi manja.

Mpata unapezeka mawa lake masana. A Lemani ndi Edilson anakwera njinga kukagula malezala ometera, Célia anapita kumjigo. A Joaquina anamvetsera kufikira kulira kwa ndowa kutazimirira, kenaka anaimirira, nagwira chitseko, natsika pakhonde.

Dzuwa linawamenya kumaso, dziko lonse linayera mbee. Anatambasula phazi lamanja kufuna mwala woyamba, wosalala, umene phazi lawo linkaudziwa ngati dzino la m'kamwa. Chala chinalowa m'kadzenje. Anasuntha pang'ono, napezanso kadzenje kena. Anaganiza kuti atsikira pakhonde molakwika, nabwerera m'mbuyo, nayambanso. Koma panali maenje okhaokha, ena atakwiririka kale ndi mapazi a anthu, ndipo patsogolo pang'ono ngakhale maenjewo anatha.

Munthu wanzeru akanabwerera pamenepo khonde lili pafupi. Iwo anapitirira, manja ali patsogolo, akuyerekeza kumene nkhokwe iyenera kukhala. Chingwe choyanikira zovala chinawakola pakhosi, ndipo pochimasula anatembenuka osadziwa kuti atembenuka motani. Tsopano nyumba inali itatayika. Pabwalo pamene anaberekera ana, pamene anasesa m'mawa uliwonse wa moyo wawo, anaima ngati mlendo wosiyidwa pamphambano.

Anamva kukanda kwa zikhadabo pachitsulo, kofooka, kwapatalipatali. Anatembenukira kumeneko, koma kunamvekanso ngati kukuchokera kumbuyo. Mbuzi inalira, nkhuku inakupiza mapiko, ndipo pamene izo zinatonthola, kukanda kuja kunali kutaleka.

"Kandaninso, akulu," ananong'ona. "Kandaninso kamodzi kokha, ndimve."

Sikunamvekenso. Anayenda mwamsanga tsopano, mantha atawagwira, napunthwa nagwa ndi maondo m'phulusa. Manja awo anagwira miyala itaunjikidwa itatuitatu, yokhakhala ndi mwaye. Umodzi unali ndi kamsewe pakati, ndipo anauzindikira: unali wa pokhotera kubafa, umene a Barnaba anausankha dala kuti phazi lisasokere. Unali utang'ambika ndi moto. Anaufukata pamiyendo nakhala momwemo, osadziwa kolowera, kufikira Célia anawapeza.

"Amayi, mukutani m'phulusa?" Célia anatula ndowa mofulumira. "Taonani manja anu."

"Anazula miyalayi ndani?"

"Ndine ndinauza amayi aja. Mafuwa anachepa. Tidzabwezera."

"Liti?"

"Amayi, ndi miyala chabe. Abambo sali m'miyala. Tiyeni m'nyumba, anthu angaone ngati mwazungulira mutu."

Célia anayesa kuti ndi chisoni, nawatsogolera kunyumba akuwatonthoza. Pamenepo panali pabwino ponenera zoona, mwana wamkazi ali yekha ndi mai ake. Koma a Joaquina anakumbukira zenera la zitsulo la Margarida, natseka pakamwa, ndipo fulu anakhalanso tsiku lina mumgolo wotentha chifukwa cha kutseka pakamwako. Iwo anadziwa zimenezo.

Kumeta kunachitika m'mawa wotsatira, kuseri kwa nyumba. Abale ochepa amene anatsala anagwada mmodzimmodzi, lezala likudutsa, tsitsi likugwera pachiguduli. A Joaquina anameta omaliza. Mphepo inawakhudza pamutu poyera, ndipo anamva ngati awavula. Kenaka a Lemani ananena mawu otsekera.

"Maliro tamaliza. Amene ali ndi munda apite kumunda, amene ali ndi patarawu apite kwa patarawu wake. Namfedwa kuyambira lero aimirire yekha, ayende yekha, adziphikire yekha. Alamu anga a Barnaba apumule."

Anthu anatsanzika nabalalika. Célia anapita kukakwirira tsitsi. Palibe amene anagwira mkono wa a Joaquina, pakuti nthawi yogwirana mikono inali itatha, ndipo iwo anangokhala pamphasa pomwepo, msana uli chilili, akuyembekeza kuti wina alankhule pafupi ndi khonde kuti adziwe kumene nyumba ili.

Anamva mapazi a Edilson akubwera, olemera ndi nsapato.

"Atsibweni, taonani. Nyerere zayamba kulowa m'chigobamu. Ndipo wapepuka ngati chipanda chopanda kanthu."

"Wapita ameneyu," anatero a Lemani. "Kale tikanangomuika pamoto asanafe yekha, ndipo nyama yake simungaiyerekeze ndi nkhuku. Koma wa alamu anga sindingadye, angandibwerere kutulo ndi Baibulo m'manja. Kamusiye kutchire."

"Kutchire kwapsa konse," anatero Célia akubwerera. "Lupsa ladutsa mpaka kumtsinje. Wakhungu akapeza chiyani kumeneko?"

"Nanga afere pano tikumuyang'ana?" Edilson anakweza mawu. "Ine pashapa, kaminibasi kodzaza anthu kaja, sindingakwere naye. Iwe sukhala kuno. Amayi amati atsalira fulu, koma chimwalirire abambo sanapite ngakhale kukamusuzumira. Palibe amene akumufuna, tingovomereza. Ndikamusiya pamthunzi kumtsinje, za kumeneko adziwa ndi Mulungu."

Palibe amene anatsutsa. Mapazi aja anatembenuka nayamba kutalikira, kulowera kunjira ya kumtsinje. A Joaquina anawamvetsera akuphwanya masamba ouma a kumpanda. Kukhala chete kunali kosavuta: Edilson akanabwera chimanjamanja, mawa akanakwera shapa yekha, iwo akanatsala pakhomo pawo, namakwawa pabwalo popanda wowaona kufikira ataphunzira njira zatsopano. Anaona m'maganizo fulu ali paphulusa la lupsa, akuzungulira kufuna mwala woti akhulepo chigoba.

"Edilson."

Mapazi sanaime.

"Edilson, bwera naye kuno."

"Amayi, mwamuona nokha mmene alili."

"Sindinamuone."

"Ndiye ndibwere naye mumuone, kenaka..."

"Ungabwere naye mpaka pamphuno panga, sindimuona. Iwenso sindikukuona. Célia sindikumuona, achimwene sindikuwaona, nyumba yanga sindikudziwa kuti ili mbali iti. Maso anga anatha."

Nkhunda zinali kulira padenga. Edilson anabwerera pang'onopang'ono, naima pamaso pawo, nayendetsa dzanja uku ndi uku pafupi ndi nkhope yawo, chinthu chimene mwana woleredwa bwino sachita kwa kholo lake.

"Ndikumva mphepo ya dzanja lako. Tsitsa."

"Dzana munati maso alipo, alongo," anatero a Lemani, ndipo m'mawu awo munalibenso nthabwala.

"Ndinanama, achimwene."

Célia anayang'ana mzera wa timaenje tochokera pakhonde, nayang'ana mulu wa miyala yakuda m'phulusa, nakhala pansi pomwe anaimapo, manja ali pakamwa.

"Kuyambira liti?" anafunsa Edilson.

"Mwana wako uja sindinamuonepo nkhope."

"Ndipo abambo ankadziwa?"

"Ankadziwa."

"Ankadziwa, osandiuza. Ine ndikubwera kuno chaka ndi chaka, mukundiphikira, mukundiyalira, ndikubwerera ndikuti makolo anga ali bwino. Mwandisandutsa chitsiru, amayi. Ng'ala amachotsa kuchipatala, anthu amabwera akuona. Inu mwakhala mumdima chifukwa cha chiyani?"

"Margarida nayenso ana ake anati akachotsa ng'ala."

"Ine sindili ngati ana a amayi aakulu."

"Nawonso ankamukonda."

Edilson anapuma mwamphamvu. "Mawa tikwera limodzi. Pamenepa palibenso zokambirana. Atsibweni, nenani."

A Lemani anakanda pamutu pawo pometedwa. "Alongo, ndinakuikirani kumbuyo pa mawu anu. Mawuwo mwawabweza nokha. Sindingakusiyeni pano ndi moto, ndi njoka, ndi chitsime. Mupita."

"Ndamva," anatero a Joaquina. "Ndinadziwa mtengo wake ndisanatsegule pakamwa. Tsopano chitani changa. Edilson, kamuike pansi pa msau, pamalo pake, ndipo ukamuika uchokepo. Célia, leka kulira. Tenga madzi ofunda m'beseni, uikemo kamchere pang'ono, nthenga ya nkhuku yoyera bwino, ndi papaya wakupsa kwambiri."

Zinthuzo zitabwera, Edilson anagwira mai ake mkono mwadzidzidzi kuti awadzutse, ndipo iwo ananjanja thupi lonse monga amachitira munthu wogwidwa mumdima. Anawatsogolera pansi pa msau.

"Ali kuti?"

"Patsogolo panu. Mukatambasula dzanja mumukhudza."

"Wayang'ana kuno?"

"Wayang'ana kwa inu."

"Ndiye nonse khalani pansi, patali. Wina asayende."

Anagwada, osamukhudza. Anaika chikhatho padothi nayamba kupapasa pansi mofatsa, monga mayi amasisitira mwana pamsana, kuti kugunda kwake kuyende m'nthaka. Kenaka anawerama.

"Odi, akulu. Odi kuno. Ndine Joaquina."

A Lemani anatsegula pakamwa kuti aseke, koma anatsekanso. A Joaquina ananyema papaya naufinya pakati pa zala kufikira fungo lake linadzaza pamthunzipo, natsitsa dzanjalo pansi, chagada, osalikankhira kutsogolo. Anadikira. Madzi a papaya anayenderera pamkono, ntchentche zinabwera, dzanja linatopa, koma chigoba chinangokhala duu.

"Amayi," anatero Edilson motsitsa, "mwina tachedwa."

"Ngati tachedwa, ndachedwa ndine. Khala chete."

Anagundanso pansi, naodiranso.

"Odi, akulu. Amene munazolowera aja kulibe. Anapita. Ndabwera ndine, ndipo ndachedwa. Pepani."

Nthawi inapita yaitali, mthunzi wa msau nusuntha. Kenaka panamveka kapumidwe kakang'ono, ngati ka mvukuto yotopa.

"Kodi watuluka?" ananong'ona a Joaquina. "Ndiuzeni, inu oona."

"Mphuno yatuluka," anatero Célia. "Maso amatana ndi manthongo. Akununkhiza."

Khosi lamakwinya linatambasuka pang'onopang'ono, likuyendayenda uku ndi uku, kufikira mlomo wouma unagunda chala cha a Joaquina. Unabwerera, nubweranso, nutseguka. A Joaquina anamva kukoka kwake pachikhatho, kofooka koma kosakayikitsa. Anaweramitsa mutu wawo wometedwa, ndipo misozi inagwera m'fumbi.

Fuluyo anadya pang'ono, osati mokwanira kunena kuti wapulumuka. Atasiya, a Joaquina anaitana Célia kuti ayandikire, aodire nayenso, ndipo anamulangiza mmene angaviikire nthenga m'madzi ndi kupukuta maso kuchokera kumphuno kupita kunja, osafulumira. Célia anachita, akufwenthera.

"Zoodira fuluzi zinayamba bwanji?" anafunsa a Lemani. "Ine ndinkayesa alamu akupemphera."

"Tsiku limene tinabwera kuchokera ku Zambia. Tinapeza nyumba itagwa, mitengo itamera m'chipinda, ndipo iye ali pamene panali khomo. Alamu anu anavula chipewa nati odi. Anati amene anatsala pakhomo ife titathawa ndiye mwini wake, ife tabwera kudzapempha malo. Atachita khungu anawonjezera kugunda pansiku. Ankati wosaona usamudzidzimutse. Yamba wamuuza kuti ndiwe yani, ndi kuti uli mbali iti."

"Ndipita naye ku Nsadzo," anatero Célia. "Ndaona mmene mwachitira."

"Sachoka pano. Pakhomo pano pachoke mmodzi, osati awiri."

"Nanga azimudyetsa ndani?"

A Joaquina anatembenuzira nkhope kumene kunali a Lemani.

"Ayi, alongo," anatero a Lemani. "Ine, mwini mbumba, wa imvi zanga, ndiziwoloka dambo m'mawa uliwonse kudzaodira fulu? Ana a sukulu adzandipeka nyimbo."

"Adzakupekani. Alamu anu anawapeka zambiri."

"Papaya ine ndilibe."

"Mtengo uli kuseri kwa bafa. Ukatha, mango akhala atapsa."

A Lemani anang'ung'udza zosamveka, nafunsa ngati mcherewo ndi wotapa ndi zala ziwiri kapena zitatu.

Fulu anabweza mutu theka, nautsamiritsa pansi. A Joaquina anapukuta dzanja pakapulana nayesa kudzuka, koma maondo anali atauma ndi kugwada. Anakhalanso pansi. Za mawa sanafunse: za mota, njinga yamoto yowatengera kumsewu, za shapa, za chipinda chimene Florência anakonza, ngati chili ndi zitsulo pazenera. Anangotambasula chikhatho padothi la pansi pa msau nachisiya pamenepo.

Edilson anaimirira nabwera mofulumira monga mwa chizolowezi chake, dzanja lili kale patsogolo kuti awagwire mkono. Atatsala pang'ono kuwakhudza anaima. Anayang'ana dzanja lakelo kanthawi, kenaka ananjuta, nagunda pansi mofatsa pafupi ndi bondo lawo.

"Odi, amayi. Ndine Edilson. Ndili kumanzere kwanu."

A Joaquina anatembenuzira nkhope kumene kunachokera mawuwo.

"Bambo ako ankaima kumanja," anatero. "Kumanzereku khutu silimva bwino."

Edilson anadzuka, nazungulira kumbuyo kwawo mosaponda mwamphamvu, nanjutanso.